Kodi kuphika n'kolowera kukoleji?

Mwana akakhoza mayeso a Fomu 4 n'kunena kuti akufuna kukaphunzira zophikaphika, makolo ambiri a kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Mpingu ngakhale ku Nambuma amayamba akhala kaye chete. Kenako funso limabwera: tigulitse fodya, mtedza ndi soya wa chaka chonse kuti ukaphunzire zimene amayi ako amachita tsiku ndi tsiku pamafuwa? Akakhala mnyamata, amalume amaonjezera kuti kukhitchini si malo a mwamuna, chonsecho amalume omwewo akafika pa Msundwe kapena pa Namitete amadya tchipisi ndi kanyenya zokazingidwa ndi anyamata pachiwaya. Funso la makololi si lachibwana. Fizi ndi yokwera, ndalama za kumunda zimabwera kamodzi pachaka, ndipo alipo achinyamata amene ali ndi mapepala a zophikaphika koma angokhala pakhomo. M'pofunika tsono kuona bwinobwino zimene amaphunzitsa kusukuluko, kumene masukuluwo ali, ndi kumene munthu amalowera akamaliza.

Zimene mafuwa saphunzitsa

Mayi wa pakhomo amaphika ndi maso, dzanja ndi lilime. Amathira ufa mpaka mthiko utamuuza kuti basi, ndipo mchere amayeza ndi zala zitatu. Limeneli ndi luso lenileni, koma limakwanira pa banja limodzi, ndipo limakhala m'manja mwa mwini wake yekha: akadwala, ndiwo zimasintha kukoma. Wophika wa pantchito amakumana ndi zina. Aphikire anthu 200, chakudya chifike patebulo 12 koloko yeniyeni, chikome lero monga chinakomera dzulo, pasapezeke wotsekula m'mimba, ndipo mwini malo atsale ndi phindu. Zimene sukulu yabwino imaonjezera pa luso la kwathu ndi zitatu: muyeso, ukhondo ndi masamu.

Masabata oyamba ophunzira ambiri amadabwa, chifukwa moto saukhudza kwenikweni. Amaima patebulo ndi mpeni, thumba la anyezi ndi karoti lili pambali, kuphunzira kupinda zala kuti mpeni usawatenge, ndi kudula tizidutswa tofanana kuti tonse tipse nthawi imodzi. Amaphunzira kugawa nkhuku m'zidutswa zisanu ndi zitatu podula m'mfundo osaswa mafupa, kuchotsa mnofu wa chambo pa minga osataya kanthu, ndi kuwiritsa mafupa pamoto wochepa kwa maola ambiri kuti papezeke msuzi umene supu ndi sosi zambiri zimayambirapo. Chilichonse chimapita pasikelo ndipo chimalembedwa, kuti mnzako wolowa usiku aphike chimodzimodzi iwe utaweruka. Ku mbali ya buledi ndi makeke ndiye kulibe za “ndingoyerekeza”: ufa kapena yisiti zikalakwika pang'ono, uvuni sukhululuka.

Ukhondo umene amaphunzitsa si wongosamba m'manja ndi kuvala apuloni yoyera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya, makamaka nyama, chipse mpaka kutentha kwa madigiri 70, ndipo chophikaphika chisungidwe pozizira posapitirira madigiri 5 kapena potentha popitirira madigiri 60, chifukwa pakati pa manambala awiriwa tizilombo timaswana mofulumira. Taganizani za mpunga wa paukwati, wophikidwa mbandakucha, n'kuuvundikira m'beseni mpaka 3 koloko masana m'mwezi wa Okutobala. Kapena thabwa limene adulirapo nkhuku yaiwisi, kenako n'kudulirapo tomato wa kachumbari. Wophunzira amadziwa chifukwa chake zimenezi zimadwalitsa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Nthawi imeneyo ogulitsa zakudya zophikaphika ambiri anaimitsidwa malonda. Kudera la mtedza ngati kuno ku Lilongwe kulinso nkhani ya chuku. Poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, safa ndi moto, ndiye nsinjiro kapena chiponde cha mtedza wovunda sichikonzeka ndi kuwiritsa. Wophika wodziwa amayamba ndi kusankha mtedza palichero.

Masamu ndiwo amasiyanitsa wophika wotchuka ndi wophika wopeza bwino. Lamulo limene amaphunzitsa kawirikawiri ndi lakuti mtengo wa zinthu zolowa mumphika ukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wogulitsira. Tiyerekeze kuti nyama, mpunga, mafuta, tomato ndi anyezi za mbale imodzi zakudyerani K3,000. Mukagulitsa K4,500 n'kumati mwapindula K1,500, mwaiwala makala, madzi, sopo, lendi, thiransipoti, malipiro a wothandizira ndi zotsala zimene mutaye madzulo. Malo odyera ambiri a m'misika yathu amatsekedwa chonchi: makasitomala adzaza, chakudya n'chokoma, koma mpamba ukusungunuka. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta ophikira, ufa wa tirigu ndi shuga inasintha motsatizana, ndipo amene sankadziwa kuwerengera mbale imodzi ankagulitsa moluza osazindikira.

Masukulu ake ndi ati?

Sukulu yodziwika kwambiri pa ntchito za m'mahotela ndi Malawi Institute of Tourism ya ku Blantyre. Imaphunzitsa kuphika, kuperekera zakudya ndi zakumwa, kulandira alendo ndi kusamalira zipinda, ndipo ili ndi hotela yakeyake ya Alendo kumene ophunzira amagwira ntchito pamaso pa alendo enieni olipira ndalama. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa nsomba yopserera m'kalasi imangochotsetsa malikisi, pamene yopserera pamaso pa kasitomala imakuphunzitsa kosaiwalika. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi gawo la maphunziro a zokopa alendo ndi kayendetsedwe ka mahotela, la amene akufuna digiri ndipo akuyang'ana udindo woyang'anira.

Njira ina ndi ya TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ndalama zake zina zimachokera kwa olemba anthu ntchito, amene amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo n'chifukwa chake ophunzira osankhidwa kudzera m'bungweli amalipira fizi yotsikirapo. Kuphunzira kwake n'kosinthanasinthana: miyezi ina m'kalasi, miyezi ina pantchito. Kuyambira 2015 boma linayamba kutsekula makoleji a ntchito zamanja m'madera, koma si koleji iliyonse imene ili ndi khitchini. Ya Namitete, mwachitsanzo, imadziwika ndi ukalipentala ndi zomangamanga. Choncho munthu afunse kaye mndandanda wa maphunziro a chaka chimenecho asanagule fomu. TEVETA ilinso ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzirira pantchito n'kuwapatsa satifiketi, mwayi umene ophika ambiri a m'maloji ndi m'nyumba za mabwana saudziwa.

Pafupi ndi malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, mukapatuka pamsewu wa ku Mchinji, pali Natural Resources College, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya LUANAR pamodzi ndi koleji ya Bunda. Kumeneku amaphunzitsa za kadyedwe koyenera ndi sayansi ya zakudya. Apa ambiri amasokoneza. Womaliza maphunziro amenewa sakhala shefu. Amakhala mlangizi wa kadyedwe, woyesa ubwino wa zakudya kufakitale, kapena wogwira ntchito m'mabungwe olimbana ndi kunyentchera. Ndi ntchito za pachibale, koma wokonda moto ndi mpeni akalowa kumeneku amapeza kuti nthawi yambiri ikuthera m'mabuku ndi mulabotale.

Kupatula apa, mumzinda wa Lilongwe mwadzaza masukulu a anthu wamba olengeza kuti amaphunzitsa zophikaphika, ena kwa miyezi itatu, ena chaka. Ena ndi abwino ndithu, ndipo ena amalembetsa mayeso a mabungwe akunja monga City & Guilds ya ku Britain. Ena ali ndi chikwangwani chokongola ndi sitovu imodzi ya ophunzira makumi atatu. Musanapereke ndalama, kafikeni nokha. Funsani kalata yosonyeza kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi TEVETA kapena, ngati ikupereka dipuloma ndi digiri, ndi bungwe la NCHE. Pemphani kuona khitchini nthawi ya phunziro, muwerenge masitovu ndi ophunzira. Funsani ngati zophikira pophunzira zili m'kati mwa fizi kapena mwana azigula yekha nkhuku ndi batala sabata iliyonse, chifukwa ndalama zobisikazi ndi zimene zimasiyitsa ambiri panjira. Funsaninso kuti atachimenti amapezera wophunzira ndi ndani, sukulu kapena mwini wake.

Makwerero a kukhitchini

Khitchini ya hotela yaikulu imayenda mwa maudindo, ndipo dongosolo lake linakhazikitsidwa ndi Auguste Escoffier, shefu wa ku France amene anatchuka pa hotela ya Savoy ku London m'zaka za m'ma 1890. Iye anagawa khitchini m'zigawo, aliyense ndi mbali yake: wa nyama, wa nsomba, wa masamba, wa zozizira, wa makeke. Wobwera kumene kuchokera kusukulu amayamba ngati commis, wothandizira. Akakhwima amapatsidwa chigawo chake n'kukhala chef de partie. Pamwamba pake pali sous chef, wachiwiri kwa mkulu, ndipo pamwamba penipeni pali shefu wamkulu, amene nthawi zambiri sagwiranso poto: amalemba mndandanda wa zakudya, amaoda katundu, amawerengera ndalama ndi kugawa ntchito.

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amagwa ulesi. Dipuloma simudumphitsa munthu makwerero. Miyezi yoyamba ndi yosenda mbatatesi, kutsuka firiji ndi kunyamula makireti. Ntchito ndi yoimirira, pamoto, ndipo masiku amene anzako akusangalala, Khirisimasi, Isitala, Loweruka la maukwati, ndi pamene iwe ukugwira kwambiri. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asapitirire maola 48 pasabata popanda malipiro apadera, koma m'malo ang'onoang'ono ambiri wantchito amene salidziwa lamuloli amangogwira mpaka kasitomala womaliza atachoka. Malipiro oyambira ndi otsika. Amakwera munthu akafika poyang'anira chigawo kapena khitchini yonse, ndipo zimenezi zimatenga zaka.

Tisaiwale kuti ntchitoyi si yachilendo kwa Amalawi. M'nthawi ya atsamunda, amuna ochokera ku Nyasaland ankadziwika ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Johannesburg ngati ophika odalirika m'nyumba za azungu ndi m'mahotela. Machona ambiri sanapite kumigodi kokha. Ena anakalambira kukhitchini, ndipo mpaka lero m'malo odyera ambiri a ku Joni ndi ku Cape Town mumamveka Chichewa kuseri. Anthu amenewa anaphunzira poonera. Vuto lawo linali lakuti luso linalipo koma pepala panalibe, ndiye ankakhala pa udindo umodzimodzi zaka makumi awiri, wina wobwera ndi satifiketi n'kuwalamulira. Phindu lalikulu la pepala ndi limeneli: silikuphunzitsa kukometsa ndiwo kuposa ophika akale aja, koma limakulola kukwera, kusintha malo a ntchito ndi kukambirana za malipiro.

Mipata ya ntchito

Aliyense amalota za mahotela akuluakulu: Sunbird Capital ndi Sunbird Lilongwe, hotela ya President ku Umodzi Park pafupi ndi malo a misonkhano a BICC, Mount Soche ndi Ryalls ku Blantyre, Ku Chawe paphiri la Zomba, Nkopola ku Mangochi. Kuphunzirira ntchito m'malo amenewa n'kwamtengo wapatali, koma ndi owerengeka, ndipo ophika ake sachoka wamba. Palinso maloji a m'mphepete mwa nyanja ndi a m'malo osungira nyama zakutchire. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa Majete mu 2003, kenako Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndipo nyama zitachuluka alendo anayamba kubwera. Wophika wa kutchire amafunika kudziwa zonse, buledi, supu mpaka keke, chifukwa sitolo ili kutali. Kubwalo la ndege la Kamuzu kumakonzedwanso zakudya za m'ndege. Komabe ntchito yodalira alendo ili ndi ngozi yake: mu 2020, ndege zitaimitsidwa chifukwa cha Covid-19 ndipo misonkhano italetsedwa, antchito ambiri a m'mahotela anatumizidwa kunyumba.

Khitchini zimene sizitseka ndi zimene anthu saziganizira. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, cha Kabudula, cha Kamuzu Central, masukulu ogonera konko monga Namitete ndi Likuni, makoleji, nyumba za ansembe ndi masisitere, malo ochitira misonkhano a mipingo: konseku anthu amadya katatu patsiku pafupifupi chaka chonse. Kuphikira odwala shuga, BP kapena ana onyentchera kumafuna munthu wodziwa, osati wongodziwa kuthyakula nsima. Phala la Likuni, la chimanga ndi soya, limene dzina lake linachokera ku Likuni komweku, likudyedwa m'masukulu ambiri; bungwe la Mary's Meals linayambira ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002. Ophika phalalo ambiri ndi odzipereka a m'midzi, koma ndondomeko zotere zimafunabe anthu ophunzitsa za muyeso ndi ukhondo.

Msewu waukulu kuposa yonse ndi wodzilemba wekha ntchito. Zinkhoswe, maukwati, ziliza, misonkhano ya mabungwe ndi ya kuboma: masiku ano eni mwambo ambiri, ngakhale m'matauni ang'onoang'ono, amalemba ganyu ophika m'malo modalira achibale okha. Keke ya ukwati ndi ya tsiku lobadwa yasanduka bizinesi ya pa WhatsApp ndi Facebook. Ena amaphikira ogwira ntchito m'maofesi nkhomaliro n'kutumiza pakabaza. Mpamba woyambira si waukulu ngati wa garaja: mapoto akuluakulu, mbaula kapena gasi, mbale ndi sikelo. Chimene chimafunika ndi chilolezo cha khonsolo, chikalata cha kuchipatala cha ogwira zakudya, ndipo ngati mukuika zinthu m'mapaketi kapena m'mabotolo kuti zilowe m'sitolo, chiphaso cha Malawi Bureau of Standards.

Za kunja nazo zilipo, koma zimafuna maso. Pepala lodziwika ndi zaka zingapo za ntchito zimathandiza kupeza malo ku South Africa ndi kwina. Koma mu 2024 wailesi ya BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anatengedwa kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka akuzunzika m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Wina akakulonjezani ntchito ya kuhotela kunja kudzera pafoni, popanda kontirakiti yoti muwerenge ndi kukafunsa ku unduna wa zantchito, musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwayi umene mwana wa kuno ali nawo

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera mumzinda wa Lilongwe, malo ofufuzira zaulimi a Chitedze akhala akugwira ntchito kuyambira 1948. Mtedza wa CG7, wofiira ndi wamafuta ambiri, ndi wa Nsinjiro, wopirira ku matenda a kadukutu, unafika kwa alimi kudzera m'ntchito ya ofufuza a boma ndi a bungwe la ICRISAT pamalo amenewa. Pomwepo pali nkhokwe ya dziko lino yosungira mbewu za makolo, monga mapira, mawere, nzama ndi khobwe. Ofufuza a boma pamodzi ndi mabungwe akunja atulutsanso nyemba zokhala ndi ayironi wambiri monga NUA 45, ndi mbatata yofiira m'kati yokhala ndi vitamini A, monga Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Chipika.

Wofufuza amatulutsa mbewu, mlimi amalima, koma ngati palibe woisandutsa chakudya chimene munthu angalipire mokondwa, mbewuyo imathera pamsika pamtengo wa bola zichoke. Pamenepa ndi pamene pakusowa wophika wophunzira. Pafupifupi tirigu yense amene timadya amachokera kunja ndipo amadya ndalama zakunja zimene dziko likusowa. Mbatata yofiira yophika n'kuikanya ikhoza kulowa m'malo mwa gawo la ufa wa tirigu m'mandasi, m'masikono ndi m'buledi, ndipo imachepetsa shuga wothira. Kudziwa kuti ilowe yochuluka bwanji kuti sikono lifufumebe ndi ntchito ya munthu wa sikelo ndi kope.

Masukulu ambiri amatsatira mabuku a kaphikidwe ka ku Ulaya, ndipo wophunzira amatha kumaliza akudziwa sosi zachifalansa koma osaganizapo kuti futali, chigumu, nkhwani wotendera, chisoso, luni kapena nkhuku ya lokolo zingaikidwe pa mndandanda wa hotela. Komatu mlendo wochokera ku Germany sakwera ndege ulendo wonsewo kuti adzadye zimene wasiya kwawo, ndipo Mmalawi wa kuofesi amene watopa ndi tchipisi amafunafuna kumene kuli thelere ndi nsima ya mgaiwa. Mwana wokulira ku Nsaru amadziwa mwezi umene bowa amamera, amasiyanitsa mfutso wabwino ndi wonunkha utsi, amadziwa mlimi wa tomato wa kudimba ndi mtengo wake weniweni. Shefu wokulira m'tauni amagula zimenezi kwa mavenda pamtengo wokwera. Sukulu ikamuonjezera muyeso, ukhondo ndi masamu, mwana wa kumudziyu amakhala ndi zinthu ziwiri zimene sizipezeka kawirikawiri mwa munthu mmodzi.

Tsono ndani apite?

Amene akufuna ntchito ya tayi ndi mpando wozungulira asataye ndalama za makolo. Amene akuganiza kuti satifiketi yokha idzamuitanira ku Sunbird adzakhumudwa. Koma amene amapirira kuimirira, amene sanyansidwa ndi kutsuka, amene amatha kudzudzulidwa mokweza pamoto n'kubweranso mawa, ndiponso amene sathawa masamu, ali ndi ntchito imene anthu adzaifuna chaka chili chonse, kaya mvula yagwa bwino kaya ayi.

Pali njira yotsika mtengo yodziwira kuti mwana ali mbali iti. Asanalipire fizi, akagwire ganyu miyezi iwiri kapena itatu pamalo odyera otanganidwa, kapena kwa anthu ophika m'maukwati, ngakhale kukhale kotsuka mbale. Akamabwera madzulo miyendo itatupa koma akufotokoza mosangalala mmene anaphikira mpunga wa anthu 300 osapserera, fodya ndi mtedza zigulitsidwe ndithu. Akamabwera akungodandaula za utsi, banja lapulumutsa ndalama za chaka chonse, ndipo makoleji a ntchito zina alipo.